Mutu Umene A Alberto Ankafuna Kulumpha

Chiuta, 9 Abril 2024

Mwana wanga Cláudia,

Landira moni wochokera kwa ine abambo ako, ndi kwa amayi ako amene agwira cholembera, popeza maso angawa masiku ano amangoona nkhungu. Kuno tili bwino. Mpunga wayamba kucha ndipo mbalame zayamba kale kutikololera. Kaya iwe ku Nampulako, ntchito ya ku farimasiya ikuyenda bwanji?

Ndikanakuyimbira foni, koma ukudziwa kuti kuno foni imagwira pachulu cha kuseri kwa sukulu pokha, ndipo munthu ukakwera pamenepo mudzi wonse umapeza chochita pafupi. Ndiye kalatayi ndapatsira a Athumani amene akubwera kumeneko ndi nsomba zouma. Ikanunkha usadabwe.

Nkhani ndi ya tabuleti ija unanditumizira kuti izindiwerengera mabuku. Yasokonezeka. Sabata yatha pobayira chingwe cha moto panayamba kugwedera, ndiye amayi ako anapita nayo ku Insaca kwa bambo wina wokonza mafoni pamsika. Anakonza bwino, sindikukana. Koma atamaliza, popanda womupempha, anati aikemo zatsopano zimene eni makinawa atulutsa, akuti atuwalizasawu, ndipo akuti n'zaulere. (Ine ndinkati ndachita bwino. Chaulere amakana ndani? Ndine amayi ako.)

Kale munali mabatani atatu amene chala changa chinawaloweza: lapakati loyimitsira, lakumanzere lobwerera m'mbuyo pang'ono, lakumanja lopita patsogolo. Pansi pake panali mndandanda wa mitu ya buku. Ndikaukhudza unkanditchulira, mutu wakuti, mutu wakuti, ine n'kusankha. Tsopano latsala batani limodzi, lalikulu ngati chitumbuwa. Ukadina iyamba, ukadinanso iyima. Amayi ako akuti pakona pali kena kakang'ono koyambitsira buku lonse pachiyambi. Basi. Andipatsa njinga yopita kutsogolo kokha, yosakhota.

Mwina ukuti ndi nkhani yaing'ono. Dziwa kuti kuyambira Novembro, Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka masana, mvula ikalola, anthu amasonkhana pansi pa mango wa pakhomo pano kudzamva buku. Ndi la Chipwitikizi, nkhani ya mayi wina wogulitsa mchere kumudzi wa m'mbali mwa mtsinje waukulu. Tabuleti imawerenga pang'ono, ine n'kuyimitsa, n'kumasulira m'Chinyanja. Amabwera anthu oposa makumi atatu, ena ndi mipando yawo, ena ndi mtedza woti aziswa. Chisiyireni uphunzitsi sindinaonenso anthu atandikhalira chete chonchi.

Ndinkamvetsera ndekha m'mawa mutu wa tsikulo, monga mphunzitsi aliyense wanzeru amakonzekera, kenako n'kubwerera pamene tinalekezera. Tsopano ndikapita patsogolo sindingabwerere. Chiganizo chikandipitirira, chapita. Ndipo pakati pa omvera pali a Feliciano, anamwino opuma aja, amene amadziwa Chipwitikizi ndipo sabwera kudzamva buku koma kudzandikonza. Loweruka ndinati nkhanu pamene bukulo linati nkhono, ndipo anatsokomola mpaka ndinavomera.

Tili pa mutu 11. Ndikufuna mndandanda uja ubwerere tisanafike mutu 17. Funsa kumeneko kwa odziwa. Usandifunse chifukwa. (Ndawafunsa ine, akuti ndizilemba zimene ndauzidwa.)

Ndine abambo ako,
Alberto

Nampula, 21 Abril 2024

Okondedwa Papa ndi Amama,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Inenso ndili bwino, kungoti ntchito yachuluka, chimfine chagwira tauni yonse. Kalata yanu inafika Lachinayi, ndipo ndinamva fungo lake isanalowe pakhomo. Ndinaiwerengera panja. Mphaka wa aneba akadandilondolabe mpaka lero.

Za tabuleti ndafunsa. Ndinapita kusitolo kumene ndinaigula, ndipo wogulitsayo anandiuza kuti zimene zalowa sizituluka. Akuti si inu nokha, anthu ambiri akudandaula, makamaka osaona bwino. Ndinamufunsa chifukwa chimene anachotsera mabataniwo. Akuti anafuna kuti ikhale yosavuta, achikulire asamasokonezeke. Ndinamuuza kuti wachikulire wanga sanasokonezekepo mpaka tsiku limene anamuthandiza. Anandipatsa malo olemberako madandaulo, ndalembako, ndipo makina andiyankha kuti maganizo anga ndi amtengo wapatali.

Koma Papa, mwati ndisafunse chifukwa, ndiye sindikufunsa. Ndikungoganiza mokweza. Buku la Chipwitikizi, mayi wogulitsa mchere, mutu 17, ndipo omvera ake theka ndi amayi a kutchalitchi. Ngati mutuwo uli ndi zakuchipinda, si inu oyamba kukumana nazo. Mungonena kuti anakambirana za banja mpaka kunacha. A Feliciano akatsokomola muwauze amasulire okha pamaso pa akazi awo, tione.

Ndakutumizirani tizingwe tomvetsera m'makutu. Mukatibaya pa tabuleti mawu amalowa m'khutu mwanu mokha, wina aliyense samva. Mwina tikuthandizani kumva bwino kuti nkhono zisamasanduke nkhanu. Mulinso mankhwala odontheza m'maso, kawiri pa tsiku, osati botolo lonse tsiku limodzi kuti muchire msanga. Amama, shuga ndi sopo ndi zanu, ndipo musadziimbe mlandu, inenso chaulere ndikanalandira.

A Athumani andiuza kuti Zodiwa, mnzanga wa kusukulu uja, ali ndi mwana wamkazi, ndipo dzina munapereka ndinu Papa. Zoona zimenezi osandiuza? Ndimve kwa wogulitsa nsomba? Mundilembere dzinalo kuti ndimusokere kadiresi.

Mwana wanu,
Cláudia

Chiuta, 2 Maio 2024

Cláudia mwana wanga,

Moni. Katundu wafika, zikomo, shuga tayamba kale. Kalata iyi ndikulemba ndekha abambo ako atapita kukameta, ndiye mulibe mawu awo.

Abambo ako sali bwino. Thupi lili bwino, koma sakudya ngati kale, ndipo dzulo anathira mchere mu tiyi n'kumwa osadandaula. Zakuchipinda zako ndinawawerengera. Anaseka pang'ono n'kunena kuti zikanakhala zimenezo akanagona tulo.

Ukanaona zimene akuchita pansi pa mango. Akuchedwetsa buku dala. Sabata yatha Lachiwiri tabuleti inawerenga ziganizo zinayi zokha, nthawi yonse yotsala anatifotokozera mmene mchere umapangidwira, ngati kuti pali amene anafunsa. Lachinayi anati batire latha, pamene solara inali padzuwa tsiku lonse ndipo ndinaibaya ndine. Loweruka anayambitsa pemphero lotsegulira, chinthu chimene sitinkachita, ndipo anapempherera ngakhale oyendetsa sitima ya ku Cuamba. Anthu ayamba kung'ung'udza. A Feliciano anena poyera kuti ngati Aphunzitsi atopa, iwo alipo. Ndi zonsezi tafikabe pa mutu 14.

Za mwana wa Zodiwa, pepa, tinaiwala. Anabadwa m'mwezi wa Janeiro, wonenepa, wa maso ngati a bambo ake Valentim. Ukudziwa kuti makolo a Zodiwa tinkakhala nawo msasa umodzi ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo Valentim anaphunzitsidwa ndi abambo ako. Ndiye mchombo utagwa anabwera awiriwo ndi nkhuku kudzapempha kuti Aphunzitsi apereke dzina. Nthawi imeneyo tinali pa mutu 5, pamene mayi wa mchere uja, Gracinda, ankadyetsa ana amasiye asanu ndi awiri chaka cha njala, iye n'kumagona ndi madzi okha. Azimayi tonse tinkalira. Abambo ako anaimirira tsiku lotulutsa mwana, n'kunena kuti mwanayu akhale Gracinda, atengere mtima wa mayi ameneyu. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Dzinalo analembetsa kale ku boma ku Insaca, lili papepala. Apongozi ake a Zodiwa amauza aliyense wodutsa kuti mdzukulu wawo ali m'buku.

Tsono ine ndaganiza. Ndikuona ngati pa mutu 17 Gracinda amwalira, ndipo abambo ako akuopa kuti anthu aziti apatsa mwana dzina la tsoka. Ndinawauza kuti munthu aliyense wa m'buku ndi wa kunja kuno amamwalira, ngakhale a Feliciano adzamwalira. Anangondiyankha kuti ndikanakhala wolemba mabuku dziko likanakhala pa mtendere.

Uwalembere, mwina iwe akuuza. Ndipo ukapeza nsalu ya kapulana ya maluwa obiriwira ngati ya chaka chatha, yanga mbuzi inadya pakona.

Amayi ako,
Rabeca

Chiuta, 3 Maio 2024

Cláudia,

Moni. Ndikulemba ndi dzanja langa kuseri kwa mapepala akale a mayeso. Zilembo zakula chifukwa sindikuziona. Mizere ikakwerana, uwerenge mwachifundo. Amayi ako asadziwe.

Gracinda samwalira. Akanamwalira ndikanathokoza.

Nditapereka dzina lija anthu ananditama kwambiri, ndipo ndinafuna kudziwa zabwino zina zimene mayiyu achite kutsogoloku, kuti ndizinena ngati mneneri. Ndiye m'mwezi wa Março ndinathamanga ndekha patsogolo. Mpaka mutu 16 ndi mngelo. Anthu a m'mudzimo amasema bwato lalikulu lowolotsera odwala kupita kuchipatala, n'kumusungitsa iye, poti ndiye wokhulupirika. Pa mutu 17 akutenga bwatolo, akulongedzamo mchere wa anzake onse, n'kuthawa ndi wophika wa m'sitima yapamadzi. Ana amasiye aja akuwasiya pagombe akumuitana. Sakucheuka n'komwe. Ndinamvetsera kawiri poganiza kuti ndi Chipwitikizi changa chakalamba. Ndi momwemo.

Ndiye ine, mphunzitsi wa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndapatsa mwana wa eni dzina la wakuba, pamaso pa anthu, n'kuwonjezera kuti atengere mtima wake. Mwanayu adzapita kusukulu ndi ana a anthu amene amakhala pansi pa mango. Ukuwadziwa ana a sukulu. Adzamutcha Wabwato mpaka adzakwatiwe. Ndipo ine palibe adzandipemphenso dzina ngakhale la galu.

Mutu 18 ndi 19 ndinamva, samutchula. Nzeru yanga inali yoti tikamaliza 16, ndisankhe 18 pamndandanda, ndidine lopita patsogolo kamodzi kuti mawu otchula nambala ya mutu asamveke, n'kuuza anthu kuti Gracinda wapita kukaona abale. Kunama pomasulira sindingathe, a Feliciano alipo. Kulumpha kokha ndiko kukanandipulumutsa, ndipo n'kumene andilanda.

Koma tizingwe tako tandipatsa nzeru ina. Tikamaliza 16, ndidzakhala ndekha, ndibaye tizingweto, mutu 17 udutse m'khutu mwangamu, ndiyimitse 18 atangoyamba. Palibe adzamve. Unandithandiza osadziwa.

Abambo ako

(Cláudia, ndine amayi ako. Anandipatsa kuti ndimate envelopu. Zilembo zazikulu chonchi ngakhale wodutsa pamsewu akanawerenga. Ndaseka mpaka ndakhala pansi, kenako ndamumvera chisoni mwanayo. Sindiwauza kuti ndadziwa. Mayi wa mchereyu ine ndinamulirira misozi yeniyeni.)

Nampula, 12 Maio 2024

Okondedwa Papa, ndi Amama ngati mukuwerenga, ndipo ndikudziwa kuti mukuwerenga,

Moni nonse. Ndili bwino. Makalata onse awiri afika limodzi. Ya Papa ndinaiyala pansi ngati mphasa, masamba asanu ndi anayi. Pepani, ndinaseka. Munkatikwapula tikayankha funso tisanawerenge ndime yonse, lero mwapereka dzina mutawerenga mitu isanu.

Nkhani yabwino ndi iyi. Mnzanga wa kuntchito, Débora, ali ndi tabuleti ngati yanu, ndipo wapeza kuti mndandanda uja sanauchotse, anaubisa. Mukaika chala pa chithunzi cha buku n'kuchisiya pomwepo, kuwerenga mpaka zitatu, umatuluka. Koma ndi tizilembo tating'ono ndipo sikutchulanso mitu mokweza, ndiye pafunika maso a Amama. Palibe paliponse pamene analemba zimenezi. Débora anazipeza mwangozi atatsamira pa tabuletiyo ndi chigongono.

Tsono za nzeru yanu ya tizingwe, Papa, chonde musayese. Ine ndinakulira m'nyumba mwanu. Wailesi ikangoyamba nkhani inu mumagona mutu woyamba usanathe, n'kudzuka kumatsutsa za nyengo. Mawu a bambo wowerenga mu tabuleti uja ali ngati mvula padenga la udzu. Simufika pakati.

Ndipo ngati mungalole mwana kulangiza mphunzitsi, pitani kwa Zodiwa mukamuuze nokha. Ndinakhala naye desiki limodzi zaka zisanu. Ndi munthu amene anabweza nsapato kusitolo atavala miyezi iwiri, ndipo mwini sitolo ndiye anapepesa. Nkhani ya bwato siingamugwetse. Chimene sangakonde ndi kumva kwa ena kuti munamubisira.

Kapulana ya Amama ili m'phukusi, ndi kadiresi ka Gracinda wamng'ono. Ndasokererapo dzina lake pachifuwa ndi ulusi wofiira, ndiye musalisinthe, ulusi unandivuta.

A Athumani akuti anyamuka mawa ndipo safika mochedwa.

Mwana wanu,
Cláudia

Chiuta, 27 Maio 2024

Cláudia mwana wanga,

Moni. Tili bwino tonse, mpunga tamweta theka. Kalata yako yafika dzulo, patatha milungu iwiri. A Athumani anaima ku Cuamba paukwati wa mphwawo, ukwati unabala maliro a mbali ina, maliro anabala mlandu wa munda. Akupepesa. Kapulana ndi yokongola.

Za chala pachithunzi ndayesa, mndandanda watulukadi. Nditawauza abambo ako anati munthu amene anaganiza zobisa chinthu kuseri kwa chithunzi kuti wosaona achipeze yekha, akufuna adzamugwire dzanja, ndipo asadzalisiye msanga. Kalatayi ikanafika pa nthawi yake bwenzi ndikulemba zina. Tamva zimene zinachitika.

Mutu 16 tinamaliza Loweruka pa 18. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndi kudya, abambo ako anati akufuna mphepo, anatenga mpando ndi tabuleti n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinadziwa, koma ndinakhala ngati wosadziwa, ndiye ndinapita kukaona mpunga. Pobwera dzuwa litapendeka ndinawapeza mutu uli chagada, kukamwa kuli yasa, tizingwe tili m'makutu, nkhuku ikujompha chala chawo cha kuphazi. Nditawagwedeza anadina batani mofulumira n'kufunsa kuti ndi nthawi yanji. Nditawauza, anati Ambuye.

Lachiwiri anthu anasonkhana. Abambo ako anadina, ndipo bambo wowerenga uja anayamba kunena za msilikali wina amene sitinamumvepo, akukangana ndi wansembe amenenso sitinamumvepo, za ng'ombe. Abambo ako anamasulira molimba mtima ngati akuwadziwa anthuwo. Mayi wina anafunsa kuti nanga bwato lija analiyesa pamadzi? Asanayankhe, mawu aja anatchula okha mutu watsopano, ndipo a Feliciano anaimirira n'kunena kuti amva bwino, akuti mutu 22. Anafunsa kuti mitu isanu yapita kuti.

Abambo ako anati ankayesa tizingwe ta mwana wawo ndipo tulo tinawaba. Zimenezo zinali zoona, ndiye anazinena bwino. Anthu anaseka, koma anati mitu yawo akuifuna. A Feliciano anavala magalasi, anaitembenuza tabuleti uku ndi uku, anapeza kabatani kapakona kaja kokha. Panalibe njira ina koma kuyamba buku lonse pachiyambi n'kulisiya liziwerenga lokha mpaka lifike pamene tinalekezera. Anawerengera kuti ndi maola khumi ndi limodzi.

Ndiye Lachitatu ndi Lachinayi tabuleti inakhala pampando pansi pa mango, chingwe chili ku solara, ikudziwerengera Chipwitikizi, anthu akulondera mosinthana ngati pali wodwala. Wina akapita kumunda wina amabwera. Ambiri samva chilankhulocho, koma amadziwa mawu a anthu ake, ndiye umangomva wina akuuza mnzake kuti apa ndi paja anagula bulu. A Feliciano sanachoke. Anabwera ndi chakudya chawo m'kambale, kuopa kuti wina angagonenso. Lachinayi madzulo anaimitsa ndendende pa mawu oti mutu 17, ndipo tabuleti anapita nayo kwawo kuti igone kumeneko.

 Lachisanu ndinawauza abambo ako kuti kalata ija ndinawerenga. Anati akudziwa, anandimva ndikuseka kuseri kwa nyumba.

Loweruka kunabwera anthu amene sindinawaonepo, ena ochokera ku Amaramba pa njinga, poti mbiri ya buku lolonderedwa inafika kutali. Zodiwa anakhala kutsogolo mwana ali pamiyendo, Valentim pambali, apongozi ake a Zodiwa kumbuyo kwawo atavala mpango watsopano. Asanadine, abambo ako anaimirira n'kuvula chipewa. Ananena kuti mutu umenewu anaumva kale mu Março, kuti tulo tija tinawapeza akuyesa kuubisa, ndipo kuti asanaumasulire akupempha banja la Valentim liwakhululukire, chifukwa anapereka dzina asanamalize kumudziwa mwini wake.

Zodiwa anati, “Aphunzitsi, khalani pansi. Timve kaye, tikhululuka tikadziwa kukula kwake.”

Anamasulira zonse, mwana wanga. Sanachotse kanthu. Bwato, mchere wa anzake, wophika wa m'sitima ndi ndevu zake, ana pagombe. Pamene kamwana kamasiye kakang'ono kanalowa m'madzi mpaka m'chiuno kakuitana, iwo anapitirizabe. A Feliciano sanatsokomole ngakhale kamodzi. Atayimitsa pamene bwato linachoka, kunamveka mtedza wokha ukugwa m'lichero la munthu amene anaiwala kuti waugwira.

Oyamba kulankhula anali apongozi aja. Anati iwo ankaona kale kuti mayi ameneyu ubwino wake wanyanya. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo kuti Lolemba apite ku Insaca akafufutitse dzinalo. Valentim anati ku boma safufuta ngati pa bolodi, ndipo iye mzere wa kumeneko anaima masiku awiri. Wina kumbuyo ananena motsitsa kuti asunge bwino mabwato mwanayu akamakula, ndipo ena anaseka. Ndinaona abambo ako akupinda chipewa chija m'manja. Chimene ankaopa chinali chitayamba pomwepo.

 Zodiwa anamuimika mwana pamaondo, kumuyang'anitsa kwa anthu, iye n'kupendekera kumbali n'kuitana, Gracinda. Kamwana kanatembenuka n'kumwetulira ndi nkhama zokhazokha.

“Mwaona,” anatero. “Dzinali lili ndi mwini wake, ndi uyu. Sanabe kanthu, kupatula tulo tanga. Amene walakwa ndi wa m'bukuyo. Ndiye bwanji tivutitse mwana wanga ndi mizere ya ku Insaca? Wakubayo ndi amene asinthe dzina. Iye alibe pepala la boma.”

Anthu anayang'anana, kenako anayamba kuvomereza. Amene ananena za mabwato uja ndiye anavomereza mokweza kuposa onse. Anagwirizana kuti kuyambira tsiku limenelo, pansi pa mango ndi pena paliponse, mayi wa mchereyo asatchulidwenso ndi dzina la mwana, ndipo wolitchula adzaswa mtedza wa Zodiwa thumba lathunthu. Vuto linatsala loti apatsidwe dzina lanji. Aliyense amene ankatchula dzina, wina ankati ayi, limenelo ndi la azakhali anga. Mpaka a Feliciano anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

Anati kwathu kuno munthu amatengera dzina la amene anamusunga. Mayi ameneyu pali munthu mmodzi amene wamusunga miyezi iwiri, kumubisa, kumupempherera, mpaka kugona naye m'makutu kuseri kwa nkhokwe. Choncho iwo akuona kuti akhale Albertina.

Cláudia, sindinamvepo anthu akuseka chonchija. Apongozi aja analiza nthungululu. Abambo ako anayesa kunena kuti m'malamulo a kumasulira mulibe zimenezo, koma Zodiwa anawafunsa ngati akufuna chikhululukiro chija kapena ayi. Anati akuchifuna.

Dzuwa linali likadalipo, ndipo anthu anati tipitirize. Mutu 17 unali utatsala ndi kachidutswa kakang'ono kamene tinali tisanakamve. Kadiresi kako tidzamuveka mwanayo Lamulungu likubwerali, ndipo abambo ako akuti ndikuuze kuti akudya. Koma ndimalize. Anavala chipewa, anafufuza batani lawo limodzi lija, n'kudina. Bambo wowerenga ananena chiganizo chake, dzina lakale lili momwemo. Abambo ako anayimitsa. Anthu onse anasiya mtedza kudikira. Anakonza kukhosi kawiri, anatembenukira kumene kunali a Feliciano ngakhale sankawaona, n'kunena ndi mawu awo a m'kalasi aja:

“Albertina anakhala pamwamba pa mchere wa eni ake, ndipo manyazi analibe ngakhale pang'ono.”

A Feliciano anati kumasulira kumeneko n'kolondola.

Amayi ako,
Rabeca